Za Mpando wa Paulendo wa ku Phiri la Mulanje

Aliyense wokwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula aphunzira msanga kulemera kwa zinthu zake. Njira ya Skyline yonka ku Chambe ikwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo munthu wamphamvu aitha m'maola atatu kapena anai. Kanthu kamene kanali kopepuka m'manja potuluka m'nyumba, pofika pakati pa chitunda kasanduka mwala. Chifukwa chake ambiri aseka tikanena za kutenga mpando, nati, Kodi miyala yatha paphiripo?

Miyala siinathe ai, owerenga athu okondedwa, koma miyala ya pamwambapo njozizira. M'miyezi ya Juni ndi Julai mame aundana usiku pa udzu, ndipo ikafika nkhungu ija ya chiperoni, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, palibe pouma ponse, ngakhale pa thanthwe. Mnyamata akhala pansi, nadzuka, naiwala. Koma bambo wa zaka 60 amene wayenda tsiku lonse, akakhala ora limodzi pa mwala wonyowa, m'mawa mwake msana ukana, maondo akananso, ndipo ulendo wa banja lonse uthera pomwepo. M'nyumba zogona alendo, monga za ku Chambe, Thuchila ndi Lichenya, muli denga ndi moto. Koma pakati pa nyumba ina ndi inzake pali maola ambiri, ndipo wogona m'hema alibe kanthu koma zimene wasenza.

Kale azungu apaulendo sanali kuvutika nazo izi. Iwo anali kunyamulidwa pa machila, ndipo mpando wao wopinda wa matabwa ndi nsalu, mbale wake wa ndalema ija ya pakhonde, unali kudza m'mbuyo pamutu pa amtengatenga. Machila anatha, koma anyamata osenza katundu wa alendo alipobe pa Likhubula. Tsono tikumbukire kuti chimene tionjeza pa mtolo, ngati sitisenza ife, asenza ndi mwana wa mnzathu.

Mipando imene taiyesa m'njira izi ili ya mitundu itatu. Pali kampando ka miyendo itatu kopanda chotsamira. Nkotsika mtengo, katambasuka m'kamphindi, ndipo mmisiri wa kwathu angathe kukapanga. Koma msana suupeza mpumulo, ndiye kuti kayenera pakudya nsima, osati pakucheza kwa madzulo. Palinso chidutswa cha siponji wolimba chongoyala pansi, chimene kulemera kwake sikumveka nkomwe, ndipo chitchinga kuzizira kwa mwala koposa mpando uliwonse. Kwa ana ndi anyamata ichi chikwanira, ndipo sitiona chifukwa chowagulira china.

Wachitatu ndiwo wofuna kuuganizira bwino. Mafupa ake ndi timapaipi ta aluminiyamu tolumikizidwa ndi chingwe cha mphira m'kati, monga mizati ya hema, ndipo nsalu ya nailoni ikoledwa pa nsonga zinai. Anautchukitsa ndi a Helinox a ku South Korea, amene anatulutsa Chair One m'chaka cha 2012, wosafika kilogalamu imodzi. Pambuyo pake anapanga Chair Zero, wa pafupifupi theka la kilogalamu, wotha kunyamula munthu wa makilogalamu 120. Ukapindidwa ulingana ndi botolo lalikulu la madzi. Mtengo wake ngwokwera, ndipo yofanizira ilipo yambiri. Pogula yotere muyang'anitse msoko wa m'makona momwe mulowa mapaipi, pakuti ndimo muyamba kung'ambika.

Koma kupepuka kuli ndi mangawa ake. Mpando wopepukitsitsa ngwaufupi, sufika masentimita 30 kuchokera pansi, kotero kuti nkhalamba imene tinaigulira ikhala bwino ndithu, koma podzuka isowa woigwira dzanja. Kwa otere ife tisankha wamtali pang'ono, ngakhale ulemere magalamu ena 400. Musagule musanakhalepo ndi kudzukapo katatu osagwira kanthu. Miyendo yake yoonda imira m'dothi lofewa la m'madambo a pamwamba, ndipo munthu agwa chagada, tiyi ali m'manja. Mankhwala ake ndiwo kuika timiyala taphanthiphanthi pansi pa mwendo uliwonse, kapena kuuveka mipira yakale ya tenisi yoboola. Mukanyamuka, ikanipo mwala, chifukwa mphepo ya ku Mulanje itenga mpando wopanda munthu ngati tsamba. Ndipo musayandikize ku moto: kamoto kamodzi kothetheka kaboola nailoni.

Ofuna kufika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, asatenge mpando wa mtundu uliwonse kupyola pa nyumba ya Chisepo. Kuchokera apo njira ndi ya manja ndi mapazi, kukwawa pa matanthwe otsetsereka ndi kupanikizika m'mipata ya miyala, momwe chikwama chomwe chikhala chopinga. Pansonga mphepo siilola munthu kukhalitsa. Siponji ija ikwanira m'kati mwa jekete. Mpando utsale pa Chisepo ndi agogo amene sakwera, ayang'anire ketulo kufikira ena atatsika madzulo.