Kanyumba Kanga ka ku Mpingwe

Pamene ndinagula nyumba ya chipinda chimodzi chogona ku Mpingwe, m'Limbe muno, abale anga anagawikana pawiri. Ena anati ndachita mwanzeru, ena anati ndataya ndalama. Tsono ndifuna kukufotokozerani, inu awerengi, chimene ndinagula ndi chifukwa chake, kuti muweruze nokha.

Limbe anakula chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo mu 1956 anaphatikizidwa ndi Blantyre. M'masiku a Atsamunda, malo a misewu yabwino monga Sunnyside ndi Mandala anali a Azungu, pamene anthu akuda anali kukhala kunja, monga ku Ndirande. Atate anga anagwira ntchito ya njanji m'masikuwo, ndipo malo oterewa anali kungodutsamo. Lero choletsa si khungu ai, koma thumba.

Ine ndinakhala m'nyumba ya lendi ku Bangwe zaka 14, ndikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti ndidzamange nyumba yaikulu. Koma chaka cha 2023 chinasintha maganizo anga. M'mwezi wa Malichi namondwe wa Freddy anakokolola nyumba zambiri ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo anthu ochuluka anafa. Pamenepo ndinaona kuti malo omangapo nyumba aposa kukula kwa nyumbayo. M'mwezi wa Novembala Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo simenti ndi malata zinakwera mtengo. Ndalama zosunga zija zinayamba kusungunuka ngati mchere m'madzi. Kotero ndinati, kuli bwino kanyumba kakang'ono lero kusiyana ndi chinyumba cha m'maloto.

Nyumba yangayi ili m'chinyumba chosanja, momwe mukhala mabanja asanu ndi limodzi. Anthu aitcha fulati. Changachanga ndi chipinda chogona, pabalaza, khitchini ndi bafa. Denga, makwerero, mpanda ndi thanki ya madzi ndi za tonse, ndipo mwezi ndi mwezi tisonkha ndalama zolipira mlonda ndi kukonza zowonongeka. Palinso msonkho wa ku Khonsolo ya mzinda, ndi mabilu a madzi ndi magetsi. Wogula nyumba yotere awerengeretu zonsezi, pakuti mtengo wogulira ndi chiyambi chabe.

Akuluakulu anati, safunsa anadya phula. Ndisanapereke tambala ndi imodzi yomwe, ndinapita kwa loya. Iye anakafufuza ku ofesi ya za malo ngati wogulitsayo analidi mwini wake, ngati nyumbayo sinali chikole cha ngongole, ndi zaka zimene zatsala pa lizi ya malowo. Anaonetsetsanso kuti chikalata changa chinene poyera gawo limene lili langa ndi limene lili la tonse. Ndalama zotsala ndinakongola ku banki, ndipo chiwongoladzanja chake n'cholemera ndithu.

Mau amene anandivuta koposa anali a atsibweni anga a ku Thyolo. Iwo anati, "Mphwanga, nanga ife tikabwera ku chipatala cha Gulupu tidzagona kuti?" Ndinayankha kuti, "Atsibweni, mlendo ndi mame. Inu mudzagona kuchipinda, ine ndidzayala mkeka pabalaza." Anaseka, koma funso lao linali ndi nzeru. Chaka chotsatira mlongo wanga anapempha kuti ana ake awiri adzakhale nane pophunzira sukulu m'tauni, ndipo malo panalibe. Tsopano ndiwathandiza ndi fizi, ali kwao komweko. Umenewu ndiwo mtengo wina wa kanyumbaka, wosalembedwa m'chikalata chilichonse, ndipo ndiumva mumtima.

Komabe palibe mwini nyumba wondigogodera pa kutha kwa mwezi, kapena wondiuza kuti ndisamuke. Ku ntchito ndipita pansi. Ngongole ikadzatha, mwana wanga adzakhala ndi pake pogona.

Inu amene muli kuphunzira kuwerenga tsopano, musaleke. Tsiku lidzafika lakuti adzakupatsani pepala la malo kapena la nyumba kuti musaine. Muliwerenge nokha, mzere ndi mzere, ndipo pamene simunamve mufunse musanagwire cholembera.