Madeya Sabwerera ku Chimanga

Katundu wambiri wamagetsi amene amafika m'manja mwathu sanapangidwe poganizira ife. Amatipeza kudzera mwa abale ochokera ku Joni kapena pa kaunjika, ndipo ntchito yathu imakhala yomuphunzitsa khalidwe la pakhomo pa Mmalawi. Chimodzi mwa zinthu zotere ndi kamakina ka masewero kogwira m'manja kotchedwa PSP, komwe kampani ya Sony inayamba kugulitsa ku Japan mu Disembala 2004.

Kwathu ku Mtiya, mmunsi mwa phiri la Zomba, kamakinaka kanafika mu 2007 m'chikwama cha achimwene anga. Masewero ake ankabwera pa tizimbale tapadera totchedwa UMD, tomwe ine sindinationepo mumsika wa Zomba. Awiri amene anabwera nawo anatikola mwezi usanathe. Koma kanali ndi ubwino umodzi umene wailesi yakanema inalibe: magetsi akazima, iko kankapitiriza kuwala ndi batire. Apa mpamene tinayamba kufunsana ngati kangathe kutionetsa Izeki ndi Jakobo.

Poyamba kanakana. Zimbale za VCD zomwe tinkabwerekana m'makwalala zinkasunga kanema m'njira ya MPEG-1, pomwe iko kankafuna MP4. Pankasoweka womasulira pakati pa ziwirizi, ndipo womasulirayo anali pulogalamu yaulere yotchedwa PSP Video 9. Monga mapulogalamu ena ambiri a mtunduwu, iyo inkadalira FFmpeg, imene Fabrice Bellard wa ku France anayambitsa mu 2000. Mnzanga wina wophunzira ku Chancellor College ndiye anali ndi kompyuta, choncho Loweruka ndinkatsetsereka ulendo wa ku Chirunga zimbale zili m'thumba. Filimu imodzi inkatidikiritsa mpaka njala kutipweteka, ndipo magetsi akathima ntchito ili mkati, tinkayambiranso. Ikatha, inkayenera kupatsidwa dzina longa M4V10001 ndi kuikidwa m'foda yakeyake pa kakhadi ka Memory Stick. Kulakwitsa chilembo chimodzi, kamakinako kankangokhala ngati sikakuidziwa.

Chimene pulogalamu yotere imachita nchofanana ndi kukonola. Kuti kanema akwane pa kakhadi kakang'ono, iyo imachepetsa timadontho topanga chithunzi, nthawi zambiri kufika pa 320 m'litali ndi 240 m'lifupi, kenaka nkutaya zonse zomwe ikuganiza kuti diso silingazione. Pa galasi la mainchesi 4.3 palibe amene ankadandaula. Koma aliyense amene anapetapo mphale amadziwa kuti madeya akachoka sabwereranso ku chimanga.

Titamaliza nthabwala ndi makwaya, tinaikamo kanema wa ukwati wa achemwali anga wa mu 1998. Ameneyu anajambulidwa pa tepi ya VHS, kenaka anasamutsidwira pa VCD, ndipo uku kunali kukonoledwa kwake kachiwiri. Agogo, omwe ankati masewerowo ndi zotayitsa ana nthawi, anakagwira ndi manja awiri pakhonde ngati mbale ya nsembe. Atawaona malemu bambo akupereka malangizo kwa akwati, anati, "Iwe, tabweza pamene akuyankhula mwana wangapo." Madzulo amenewo ndinabweza kasanu. Akatswiri a ku Tokyo anapangira kamakinako mipikisano ya magalimoto ndi nkhondo zongopeka, koma pakhonde pathu kanagwira ntchito yoonetsa mayi mwana wake amene anamuika m'manda.

Zaka zinapita. Chinyezi cha ku Zomba, chomwe chimameretsa nkhungu ngakhale pa nsapato, chinadya tepi ija. Chimbale chinayenda nyumba ndi nyumba mpaka chinakalikakalika. Sony inasiya kutumiza PSP m'masitolo mu 2014, ndipo yathu inali itafa kale batire. Chimene chinapulumuka ndi kafayilo kokonoledwa kaja. Tikakaonetsa pa wailesi yakanema yaikulu ya masiku ano, mawu a bambo amamveka bwinobwino, koma nkhope yawo ndi timabokosi tokhatokha. Adzukulu awo amafunsa ngati anali ndi ndevu, ndipo chithunzicho chimalephera kuwayankha.

Sindikunyoza mapulogalamuwa. Popanda iwo bwenzi tilibe ndi mawu omwe. Koma kukonola kuja kukuchitikabe lero, mwakachetechete kuposa kale. Anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'makhadi a foni pamsika amachepetsa kanema kuti ambiri akwane, ndipo WhatsApp nayo imapanikiza kanema wotumizidwa mwachizolowezi. Ukwati, chinkhoswe kapena maliro zikadutsa m'mafoni angapo, eni ake nkufufuta choyambirira kuti apeze malo, banja limatsala ndi zotsalira.

Makolo athu ankakonola chimanga cha nsima, koma cha mbewu ankachimangirira pamwamba pa moto osachikhudza. Wojambula akakupatsani kanema wa mwambo wa pabanja panu, mufunseni fayilo yoyambirira, yaikulu yomweyo, ndipo muisunge malo awiri, kwanu ndi kwa mbale wina. Zoyenda m'mafoni zikhale zongotapako.