Usiku Woyamba Ugone Kuchipatala, Mwana Wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Nkhani ya opaleshoni yako yochepetsa thupi ndaivomereza. Ndayambira pamenepa kuti mtima ukhale m'malo, usawerenge kalatayi uli tcheru kudikira pamene ndikuletse. Thupi ndi lako, mawondo amene akulira pokwera masitepe ndi ako, ndipo shuga amene anakupeza naye ku Leicester sanabwere kudzacheza n'kubwerera. Azakhali ako anena kale kuti kunenepa ndi mtendere, koma iwo sadzuka ndi mapilitsi a BP m'mawa uliwonse. Ukawauze kuti kumeneko bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala za NHS, mu 2023 linatsitsa muyezo wa kunenepa wotchedwa BMI ndi 2.5 kwa anthu akuda ndi a ku Asia ofuna opaleshoni zotere, chifukwa ife shuga amatigwira tisanafike pa kunenepa kumene amagwirira azungu.

Chimene ndikukana ndi chimodzi: kuti utuluke m'chipinda cha opaleshoni masana, madzulo ake ukwere takisi n'kukagona wekha.

Achipatala sanalakwe kukupatsa mwayi wosankha. Pa maopaleshoni onse ochepetsa thupi, ya lamba ndiyo yopepukirapo. Adzakugoneka ndi mankhwala, aboole pamimba timabowo tinayi kapena tisanu polowetsa kamera ndi zipangizo, ndipo mimba adzaifufumitsa ndi mpweya wa carbon dioxide kuti aone bwino m'kati. Kenaka adzamanga lamba wa silicone kumtunda kwa chifu, chapafupi ndi pamene mmero umathera, kuti pamwamba pake patsale kathumba kosaposa dzira la nkhuku. Lambayo ali ndi kapaipi kopita ku kabatani kamene amakasokera pansi pa khungu, ndipo m'tsogolo pamenepo ndi pomwe azidzabaya madzi amchere akafuna kumangitsa, kapena kuwapopa akafuna kumasula. Chifu sachidula, matumbo sawalumikiza mwatsopano. Ntchito yonse imatha mu ola limodzi, nthawi zina osakwana. Mmodzi mwa amene anayambitsa kuika lambayu kudzera m'timabowo ndi Mitiku Belachew, dokotala wobadwira ku Ethiopia, amene anachita zimenezi ku Huy m'dziko la Belgium mu 1993; ku America anavomereza lambayu mu 2001. Choncho si zachilendo, ndiponso si za azungu okha. Masiku ano madokotala ambiri anatembenukira ku opaleshoni yodula mbali ina ya chifu, koma izo munakambirana kale ndi dokotala wako, sindilowererapo. Poti palibe chodula, anthu ambiri oikidwa lamba amatulukadi tsiku lomwelo, n'kuchira bwinobwino.

Koma werenganso pepala limene anakupatsa lija. Satulutsa munthu chifukwa choti dzuwa lalowa. Amafuna kuti uyende wekha, umwe madzi osasanza, ukodze, ndipo ululu uzimvera mankhwala akumwa. Zimenezi adzaziona okha. Chotsalacho sangachione, amangokhulupirira mawu ako: kuti pali munthu wamkulu amene adzakutenga kuchipatala ndi kukhala nawe kwa maola 24. Unandiuza pa foni, ukuseka, kuti pa fomupo unalembapo dzina la mnzako uja wa kutchalitchi. Ndipo mwezi watha iwe wemwe unandiuza kuti mnzakoyo amagwira shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Mayi ako ndakalamba, koma kuwonkhetsa sindinaiwale. Adzakusiya pakhomo cha m'ma 6 koloko madzulo, akuikire botolo la madzi pambali pa bedi, apite kuntchito. Fomu idzanena kuti uli ndi munthu. M'nyumba mudzakhala iwe ndi foni.

Zaka zonse zimene ndinagwira unamwino kuno kwathu, sindinaonepo wodwala wa opaleshoni wopanda gadiyani, kupatula amasiye enieni, ndipo iwowo tinkawamvera chisoni wodi yonse. Anthu amaganiza kuti ntchito ya gadiyani ndi kuphika phala ndi kuchapa zitenje. Ntchito yake yeniyeni ndi maso. Ndiye amene amabwera akuthamanga pakati pa usiku kudzati, “Anesi, bwerani mudzawaone, akupuma mwachilendo.” Wodwalayo sanena zimenezo. Mankhwala ogonetsa sathera pa tebulo la opaleshoni. Amatsala m'thupi tsiku lonse, munthu n'kumadziona ngati ali bwino pomwe mutu sunabwerere m'malo. N'chifukwa chake amaletsa kuyendetsa galimoto, kumwa mowa, ngakhale kusainira mapepala ofunika pa maola amenewo. Ngati sakukukhulupirira kuti ungasaine pepala, iwe ukudzikhulupirira bwanji kuti udzazindikira wekha kuti zinthu zasintha? Ku England kulibe chigonero cha magadiyani kuseri kwa chipatala, koma lamulo la maola 24 lija ndi gadiyani yemweyo.

Tsopano za mkonono wako, ndipo usakwiye. Pamene unabwera pa tchuthi, ine ndi mng'ono wako tinkamva kuchipinda china: mkonono wamphamvu, kenaka zii kwa kanthawi, kenaka kudzidzimuka ngati munthu wotsamwa. Umo ndi mmene amagonera munthu amene njira ya mpweya imamutsekeka ali m'tulo, ndipo vutoli ndi lofala mwa anthu onenepa. Ambiri sadziwa kuti ali nalo, chifukwa wogona sadzimva. Mankhwala ogonetsa ndiponso opha ululu a mtundu wa morphine ndi codeine amafooketsa kapumidwe, ndipo amachititsa kuti ubongo uchedwe kumudzutsa munthu mpweya ukachepa. Kuchipatala adzakuika kachipangizo pa chala koyeza mpweya m'magazi, ukatsika kalira, nesi abwera. Kunyumba palibe chimene chidzalire. Ngati sunamuuze za mkonono umenewu dokotala wogonetsa, umuuze tsiku lokayezedwa opaleshoni isanachitike, ndipo ufotokoze monga ndafotokozeramu, osangoti “ndimaliza mkonono pang'ono”. Mwina adzafuna kukuyeza tulo, mwina akupatse makina a CPAP othandiza kupuma pogona. Ndikudziwa kuti ukuopa kuti akamva zimenezi adzasuntha tsiku. Alisunthe.

Pa izi onjezerapo shuga. Udzakhala utatha masabata awiri pa chakudya chochepa chija chofwetsa chiwindi kuti dokotala afike bwino pachifu, usiku wa opaleshoni sudya, ndipo ukadzuka ndi timadzi tokha. Mankhwala amene ankakukwana ukudya nsima akhoza kukuchulukira ukumwa msuzi. Amene amabaya insulin kapena kumwa mapilitsi a mtundu wa gliclazide ndiwo shuga amawatsikira mwadzidzidzi, ndipo munthu wotsika shuga ali m'tulo amangooneka ngati wagona bwino. Ufunse kuti ndi ati usiye, ndi ati uchepetse, ndipo akulembere papepala.

Zoopsa zenizeni za opaleshoniyi sizichitika kawirikawiri, ndipo sindikufuna kukudzaza mantha. Koma tsoka silinunkha, ndiye uzidziwe. Pamene lamba wadutsa pamatupa, ndipo kwa ena kutupako kumatseka njira moti ngakhale malovu sadutsa. Munthu amangolavula ndi kusanza, madzi n'kutha m'thupi, mpaka amuike dripi. Kusanza kwamphamvu m'masiku oyamba kukhozanso kusuntha lamba asanakhazikike. Nthawi zina kamtsempha kamatuluka magazi m'kati, kapena chipangizo chimakanda chifu kuseri kumene dokotala sanaone. Apa chimene chimayamba kuulula si ululu ayi, ndi mtima. Mtima ukamagunda kupitirira 120 pa mphindi munthu atangogona, madokotala a opaleshoni zimenezi sagona tulo, ngakhale wodwalayo akumwetulira. Nesi wa usiku amayeza zimenezi maola angapo aliwonse. Ndi ntchito yotopetsa, yodzutsa anthu amene angogona kumene, ndipo odwala ankatitukwana nayo, koma ndiyo imagwira vuto likadali laling'ono.

Ululu wa paphewa usakudabwitse. Umabwera chifukwa cha mpweya wotsalira m'mimba uja, umatha wokha m'masiku ochepa, ndipo kuyendayenda kumathandiza. Vuto lake n'lakuti munthu amene ali yekha 2 koloko usiku, phewa likupweteka, mtima ukugunda ndi mantha, sangasiyanitse mpweya wotsalira ndi magazi oundana amene afika m'mapapo. Ena amaimba 999 pachabe. Ena, ndipo iwe ndiwe wa gulu ili chifukwa ndinakubala ndine, amati “ndisavutitse anthu, ndidikire kuche”.

Mbali yako ndikuimva. Kuchipatala sikugoneka: magetsi, mabelu, woyandikana naye akubuula, kukudzutsa kuti akuyeze BP. Kunyumba munthu amadzuka yekha kupita kubafa ndi kukhitchini, ndipo kuyenda kumeneko kumateteza magazi kuundana m'miyendo kuposa kugona chagada pa bedi la m'wodi. Matenda ena amatengedwa kuchipatala komweko. Ukanakhala kuti suliza mkonono, shuga ulibe, m'nyumba muli munthu amene sadzachoka usiku wonse, ndipo chipatala chili pafupi, ndikanati pita kwanu, mwana wanga, ukagone pa pilo wako. Komanso usaganize kuti usiku umodzi m'wodi ndiye kuti wapulumuka zonse. Magazi oundana amatha kubwera patapita sabata kapena kuposerapo, ndiye masokosi othina aja uziwavala, ndipo akakupatsa majakisoni a heparin obaya wekha uwamalize. Katumba akatupa mwendo umodzi, pachifuwa pakapweteka, mpweya ukachepa, thupi likatentha, kapena madzi akakana kutsika, usayambe waimbira ine. Ine ku Zomba sindingakuitanire ambulansi. Imba 999 kapena pita ku A&E, ndipo ukafika unene msanga kuti uli ndi lamba pachifu ndi tsiku limene anamuika. Pa zokayikitsa zing'onozing'ono pali 111 komanso nambala ya wodi imene adzakupatse potuluka.

Unatchulanso ndalama. Popeza ukulipira wekha kuchipatala cha pulaiveti, funsa ngati usikuwo uli kale m'kati mwa mtengo umene anakuuza, chifukwa nthawi zambiri umakhalamo. Ngati ndi woonjezera, ndalama ya khonde imene unati unditumizire mwezi uno ipite kumeneko. Khonde lakhala likudontha kuyambira bambo ako ali moyo, lidikiranso. Ufunsenso funso limene anthu amachita nalo manyazi: usiku pachipatalapo pamakhala dokotala wanji, ndipo munthu akadwalika amamutengera kuti? Zipatala zambiri zazing'ono za pulaiveti kumeneko zilibe chipinda cha odwala mwakayakaya, zimatumiza ku NHS pa ambulansi. Zimenezo si mlandu, koma uyenera kuzidziwa usanagone, ndipo chipatala chabwino chidzakuyankha mosapsa mtima.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chenicheni chimene ukufunira kuthawira kunyumba, ndipo si phokoso la m'wodi. Sukufuna kuti anthu adziwe. Ukagona kuchipatala, wina adzafunsa kuti uli kuti. Ukapempha munthu wogona kwanu, uyenera kumuuza chimene wadwala. Ndipo Amalawi a ku Leicester, monga a kulikonse, nkhani ikalowa pa WhatsApp madzulo, m'mawa yafika ku Ndirande. Udzamva kuti unalephera kudziletsa pakamwa, kuti wagula thupi ndi mapaundi. Adzanena ndithu, ngakhale ubise, chifukwa miyezi ikamapita madiresi adzayamba kukhwepa ndipo adzapeka okha nkhani, mwina yoipa kuposa yoonayo. Ukudziwa chimene anthu kwathu kuno amayamba kuganiza munthu akaonda msanga. Sindikuti ulengeze m'tchalitchi. Munthu mmodzi wosunga pakamwa akukwana. Ndipo lambayu si wa usiku umodzi: masabata awiri oyamba ndi zamadzimadzi zokha, otsatirawo ndi zophwanyaphwanya ngati phala ndi mbatata yosinja, pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi akuitana kukathira madzi oyamba m'lamba, ndipo udzabwererako kangapo mpaka apeze muyezo wako. Nsima, buledi ndi nyama youma zidzakuvuta, udzazidya pang'onopang'ono, mbamu yaing'ono, kutafuna mpaka kutopa. Pa zikondwerero za pa 6 Julaye mbale yako idzaoneka. Chinsinsi chotere sungachisenze wekha zaka zonsezo.

Ndiye chita izi sabata ino. Imbira achipatala uwauze kuti munthu amene unalemba pa fomu sadzakhalapo usiku, ndipo ukufuna bedi. Uwauze za mkonono ndi mankhwala onse amene ukumwa, ndipo ufunse ngati mapilitsi akuluakulu uziwaphwanya kapena akupatse amadzi. Ibuprofen amene umakonda uja umusiye mpaka dokotala atanena, chifukwa amakanda chifu. Mnzako uja umuuze zoona, umupemphe asinthane shifiti ndi wina kuti usiku wachiwiri, umene udzakhale kunyumba, agone kwanu. Akavomera unditumizire nambala yake, ndikufuna ndimuthokoze ndekha. Tsiku la opaleshoni unyamule chaja ya foni, masilipasi ndi chitenje. Zovala za m'chipatala zija n'zotseguka kumbuyo, ndipo adzakuyendetsa m'khonde madzulo omwewo.

Mng'ono wako akupereka moni, ndipo akuti madiresi amene adzakukulire usapatse munthu wina.

Ndine mayi ako.