Mfiti aiweruze ndani?

Nkhani ya lero ndi imene akuluakulu ankaikamba monong'ona ana atagona: munthu akaganiziridwa kuti ndi mfiti, amuweruze ndani, nanga motani?

Kuno ku Thyolo funsoli silikalamba. M'makomboni a m'minda ya tiyi mumakhala anthu ochokera kosiyanasiyana, ogundana zitseko, odziwana malipiro. Mayi akamaposa anzake makilogalamu pasikelo, ena amayamba kunena kuti ali ndi ndondocha zomuthyolera usiku. Bambo akakwezedwa kukhala kapitawo, ati wakhwima. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, maso onse amaloza kwa nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Pa zaka zanga za uphunzitsi sindidamvepo mwini esiteti akutchulidwa mfiti. Chala chimakonda wosauka.

Makolo athu ankaopa ufiti, koma ankaopanso pakamwa pa munthu. Kutchula mnzako mfiti udali mlandu wopita kubwalo la mfumu. Zikavuta, ankaitana mapondera, wosinja makungwa a mtengo wa mwavi, ndipo woganiziridwayo ankamwa anthu akuona. Akasanza, ndiye kuti wayera. Akafa, ankati ufiti wamugwira. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Sindikuyamikira mwavi ayi. Ndi poizoni, sadziwa wolakwa ndi wosalakwa, ndipo wosinjayo akadyetsedwa chibanzi ankadziwa kuchepetsa kapena kuonjezera muyeso. Koma taonani mfundo imene tidaitaya: munthu akasanza, womunenerayo ankalipira. Chala chidali ndi mtengo wake, choncho munthu ankayamba waganiza asanachitukule.

Mu 1911 boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo la za ufiti, Witchcraft Act. Lidaletsa kumwetsa mwavi, kutchula munthu kuti ndi mfiti, kuitana wosaka mfiti, ndiponso kudzitama kuti uli ndi mphamvu za ufiti. Anthu adadandaula kuti Azungu akuikira kumbuyo mfiti, ndipo adafuna njira zina. Cha m'ma 1930 kudabuka amchape, amene mbiri imati adayambira kwa anansi athu ku Mulanje. Ankaimika mudzi wonse pamzere, kuunika aliyense pagalasi, kumwetsa mankhwala ofiirira, nyanga ndi zithumwa n'kuziunjika poyera. Pofika 1934 adali atafika kwa Abemba ku Northern Rhodesia. Kenaka kudamveka Chikanga wa ku Rumphi, amene anthu ankamuyendera kuchokera ngakhale ku Tanganyika. Aliyense adalonjeza kutsuka dziko, koma maliro sadaleke, ndipo kulozana kudabwerera.

Choopsa koposa ndi pamene palibe mfumu, palibe mapondera, palibe khoti, pali khwimbi lokha. Mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zidaphedwa mtsikana atawombedwa ndi mphezi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidazunguza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo yathu ino. Anthu adatseka misewu, alendo adamenyedwa, ena adaphedwa, mpaka bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'madera ena. Palibe mmodzi mwa ophedwawo amene adapatsidwa mpata wodziyankhira. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma lero moto tikuuyatsa pa dambo lomwelo.

Mu 2021 komiti yapadera ya Law Commission, motsogozedwa ndi Justice Robert Chinangwa, idapereka maganizo oti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo, popeza Amalawi ambiri amaukhulupirira. Ndikuwamvetsa, koma ine ngati mphunzitsi wakale ndifunsa za mayeso: umboni wake udzakhala wotani? Woweruza adzalandira maloto? Adzalandira mawu a mwana wa zaka 7 wonena kuti agogo adamukweza lichero usiku? Ana otere ndidawaonapo muofesi mwanga, ndipo ukawafunsa modekha, ambiri ankangobwereza zimene akuluakulu adawanong'oneza. Tidaonanso cha m'ma 2010 nkhalamba zikutsekeredwa m'ndende pa mlandu wodzitama ndi ufiti zitavomera mwamantha, mpaka George Thindwa ndi anzake adachita kuzimenyera nkhondo kuti zituluke.

Wothira mnzake tameki, wodula ziwalo za munthu, wobera odwala ndalama ndi nyanga, onsewa amagwidwa ndi umboni wooneka ndi maso, ndipo malamulo owalanga alipo kale. Sing'anga wa zitsamba asiyidwe achize. Koma woombeza amene watchula dzina la munthu, pamodzi ndi amene adamuitana, akayankhe kukhoti. Ndipo anyakwawa, akamva kuti gogo wina wayamba kulozedwa, asadikire tsiku la maliro. Atume mthenga kupolisi dzuwa lisanalowe, gogoyo agone kwa mfumu usiku umenewo.