Chitini chomwe adada anabwera nacho ku Joni

Adada anapita ku Joni mu 2003, ine ndili ndi zaka 6. Anabwerako mu Epulo 2015, pa imodzi mwa mabasi omwe boma linatumiza kukatenga Amalawi othawa ziwawa ku Durban. Kwathu ku Luwawa, monga kulikonse ku Mzimba, munthu wochokera ku Joni timamuyembekezera ndi ndalama za malata, njinga yamoto, kapena ng'ombe zingapo. Iwo anatsika ndi chikwama chimodzi. Munali mathalauza awiri, bulangete, ndi chitini chakale cha mkaka chomangidwa ndi mphira.

Ine ndinkati muli ndalama. Nditatsegula mobisa ndinangoyetsemula. Munali ufa wofiira wa masala ndi timapepala ta njere zonunkhira. Zaka 12 munthu n'kubwera ndi zokometsera ndiwo!

Ndalama anasiya kutumiza ndili Sitandade 8. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera ku mbatatesi zomwe amama ankagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1. M'mudzi ankangowatchula kuti mtchona. Choncho miyezi itatu yoyamba ine ndinkangowapatsa moni basi, kenako n'kudzipezera chochita kwina.

Mu Julayi, nthawi yomwe chifunga chimakuta mapaini a m'nkhalango ya Viphya mpaka dzuwa litakwera, ng'ombe ya asibweni inathyoka mwendo m'dzenje ndipo anaipha. Ife anatipatsa chibanthu cha pamwendo. Inali ng'ombe yokoka ngolo, yokalamba. Nyama yotere kwathu timaiwiritsa ndi mchere kapena kuiwotcha, n'kumatafuna mpaka nsagwada zitawawa.

"Iyi mundisiyire ine," anatero adada.

Amama anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Mwamuna wachingoni pamafuwa? Anatenga mtsuko n'kumapita. Adada anandiyang'ana. "Iwe, kandikolezere makala pambaula. Nkhuni za paini ayi, zimangoti lawi phuu n'kutha."

Nyamayo sanaiduledule. Anaipukuta ndi kansalu, n'kuipaka mchere, n'kuiika yonse m'mafuta otentha mumpoto wokhuthala uja. Sanaigwedeze mpaka mbali imodzi itafiira, kenako inayo. Ataichotsa anaponyamo khungwa la sinamoni, njere za jira ndi elachi. Mayinawa ankawatchula monga ankawamvera ku Durban. Kenako anyezi anayi, ndipo apa m'pomwe ndinayamba kutopa, chifukwa anyeziwo anawakazinga pafupifupi theka la ola, pamoto wochepa, mpaka atafanana ndi tiyi wopanda mkaka. Adyo, jinja, chikasu. Masala aja anayamba awasungunula m'timadzi pang'ono. Akuti ufa ukagwera wouma m'mafuta umapserera, ndipo ndiwo yonse imawawa. Ambirife timangothira kare wa m'golosale mumsuzi kumapeto, n'kumadabwa kuti ukumveka ngati fumbi.

Matimati atasungunuka anabwezeramo nyama, n'kuthira madzi ofika theka la chibanthucho. Anavundikira, n'kuchepetsa makala a pansi, ena n'kuika pachivundikiro.

"Maola anayi," anatero. "Isabwadamuke. Izingonong'ona."

Vuto la kaphikidwe kameneka n'lakuti sungachoke. Makala akazirala uwonjezere awiri atatu, pakapita nthawi utembenuze nyama. Foni yanga inali itatha moto. Ndinakhala pampando moyang'anana ndi munthu amene ndinkamuzemba.

Anayamba okha kuyankhula. Ankatsuka mbale m'kanyumba kodyera ka banja lina la Amwenye, mpaka agogo a m'banjamo anayamba kuwaphunzitsa kuphika. Anandiuza kuti makolo a Amwenye ambiri a ku Durban anayamba kufika mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo ochuluka sanabwererenso kwawo. "Nawonso ndi matchona," anatero, n'kuseka pang'ono.

Ine sindinaseke. "Nanga ndalama munasiyiranji kutumiza, adada?"

Anatembenuza kaye nyama. Akuti malo aja anatsekedwa, iwo analibe mapepala, anadwala miyezi ingapo. Atachira n'kupeza maganyu, panali patadutsa chaka osaimba foni, ndipo sankadziwa kuti ayambira pati. Chaka chimodzi chinasanduka ziwiri, kenako zinayi.

Yankholo silinandikwanire, ndipo mpaka lero silindikwanira kwenikweni. Amama ankadzuka 4 koloko m'chisanu chimenechi popanda wowafunsa ngati akudziwa poyambira. Koma sindinachoke pampandopo. Makala ankafunika kuwonjezera.

Chakumadzulo anavundukula. Mitsempha ija, yomwe masiku onse timalavulira agalu, inali itasungunuka n'kulimbitsa msuzi, wakuda, wonata pang'ono. Nyama inkapatuka ndi supuni. Amama anaphika nsima osayankhula. Anatema mbamu, n'kususa, n'kutafuna nthawi yaitali ngakhale panalibe chotafuna.

"Mchere wachepa," anatero. Kenako anatambasula mbale kuti awawonjezere.

Masala aja anatha chaka chomwecho. Masiku ano ndimakhala ku Mzuzu, jira ndi elachi ndimagula m'sitolo za Amwenye, ndipo ndikafuna kuphika ndimaimbira adada kuwafunsa muyeso. Sanandiuzepo masupuni angati. Amangofunsa kuti ng'ombeyo inali yaikulu bwanji, ngati kuti kubutchala amanena. Chitini chija amama anachitenga, amasungiramo singano ndi mabatani.