Ulusi ndi Utomoni

Ndimakhala ku Kempton Park, kumene ndege zonyamuka pa OR Tambo zimatidula mawu pakamwa. Chaka chatha ndinkamasulira nkhani ya ana asukulu yofotokoza zipangizo zopangira ndege ndi masetilaiti, zomwe ndi ulusi wa kaboni womatidwa ndi utomoni wa epoxy. Mawu anandithawa mpaka nditakumbukira nkhokwe ya agogo ku Dedza: nsungwi zolukidwa ndizo mphamvu, dothi lomata ndilo lizigwira pamodzi. Kampani ya Denel, kuno komwe, inkapanga zigawo za ndege ya Airbus A400M ndi nzeru yomweyi.

Kumwamba kumene kumayenda masetilaiti, zipangizozi zimaona zakuda. Setilaiti yapafupi imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, choncho imalowa padzuwa ndi mumthunzi ka 16 patsiku. Padzuwa imatentha kuposa madzi owira, mumthunzi imazizira koposa madigiri 100 pansi pa ziro. Utomoni umafufuma ndi kunyala, pamene ulusi susintha kwenikweni. Kukokanaku kumabala timing'alu tosaoneka ndi maso. Kulinso okosijeni wa atomu imodzi amene amaperesa pamwamba pa chipangizo pang'onopang'ono. Mu 1984 bungwe la NASA linasiya chombo cha LDEF kumwambako, n'kukachitenga mu 1990. Mbali yoyang'ana kumene chinkalowera inabwera yoperepeseka, ulusi uli poyera.

Nditafika pamenepa ndinaleka kulemba, n'kuyamba kuganiza za amayi. Ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi, osaphonya. Umenewo ndi ulusi, ndipo sunaduke. Koma maliro a amalume sindinapite, chinkhoswe cha mlongo wanga ndinachionera pa WhatsApp, ndipo tikamalankhulana pafoni timathera pa moni ndi mtengo wa feteleza. Palibe tsiku limene tinakangana. Chikutha ndi utomoni, ndipo ukutha mwakachetechete.

Akatswiri amateteza zipangizo zawo pozikuta ndi kachikopa kopyapyala ka aluminiyamu kapena silika, poti kumwambako wokakonza amasowa. Agogo sankavutika choncho. Dzinja likakokolola dothi, ankakanda lina n'kumatanso nkhokwe yawo.

Nditapereka ntchitoyo ndinakagula tikiti ya basi yopita ku Lilongwe, ulendo wa masiku awiri kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Pafoni amayi anafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinayankha kuti, "Ayi amayi, ndikungobwera kudzakuonani." Anakhala chete kwakanthawi, kenako anati andisungira ufa woyera.