Mtanda wa nsima pa sikelo: tsiku limodzi ku Bunda

Minibasi ya ku Mitundu sinyamuka isanadzaze, ndipo ikadzaza simusowamo dokotala. Ine ndinangolakwitsa kutchula kuti mayi anga anawapeza ndi matenda a shuga. Tisanapatuke n'komwe kuchoka mu msewu wa M1 kulowera cha ku Bunda, ndinali nditalandira kale malangizo anayi. Bambo wina kumbuyo anati asiyiretu nsima. Mayi amene anafukata dengu la tomato anati ayi, azidya ya mgaiwa mmene angathere, mgaiwa ulibe mlandu. Kondakitala analumbirira madzi a therere ogonetsa usiku wonse. Wachinayi anali ndi botolo m'chikwama, ndipo mtengo wake ananditchulira chapansipansi.

Ulendo wanga unali wokaona mwana wa mlongo wanga. Mtsikanayu anamaliza digiri ya kadyedwe, zaka zinayi zathunthu, kenaka n'kubwereranso kusukulu kuti akhale chomwe kuchipatala amati dietitian. Tsiku lomwe anatiuza zimenezi kumudzi tinangoyang'anana. Agogo ake ndi amene anatulutsa funso lomwe tonse tinalimeza: kodi kudya nakonso n'kolowera kalasi?

Phiri la Bunda mumaliona muli kutali, chimwala chimodzi chachikulu chitangoti njo pakati pa minda ya chimanga ndi fodya. Sukulu ili patsinde pake, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda wa Lilongwe. Inayamba m'zaka za m'ma 1960 ngati koleji ya zaulimi pansi pa University of Malawi, ndipo mu 2012 inaima payokha n'kukhala LUANAR. Ambirife tikamva Bunda timaganiza za ng'ombe, mbewu ndi maiwe a nsomba, ndipo fungo la khola limene linandilonjera nditangotsika silinanditsutse. Ndinali ndisanaganizepo kuti pamalo pomwe amaphunzitsa kulima chakudya m'pomwenso pangaphunzitsidwe zomwe chakudyacho chimakachita chikalowa m'thupi la munthu wodwala.

Mtsikana uja anandichingamira atavala gawuni yoyera, tsitsi atalikulunga m'kansalu.

"Mwayenda bwanji amalume? Sambani m'manja, lero mulowa m'khitchini mwathu."

Khitchini yake si ya kwathu kuja. Mapoto alipo, mithiko ilipo, zipande zilipo, koma pa tebulo lililonse pali sikelo yaing'ono yowerenga magalamu, makapu okhala ndi mizere, ndi kope lotsegula. Ophunzira anayi anali ataphika nsima ziwiri, ya ufa woyera ndi ya mgaiwa. Mnyamata wina anaomola mtanda, n'kuuika pa sikelo, n'kulemba. Anaomola wina ndi chipande chokulirapo, n'kulembanso. Ndinaseka. Nsima ine ndaidya zaka zoposa makumi asanu, koma kuiona ikupimidwa ngati fodya ku okushoni kunali koyamba.

Mwana wa mlongo wanga sanaseke nawo. Anati wodwala akafunsidwa kuti wadya chiyani dzulo, amayankha kuti mitanda iwiri. Koma mtanda wa ku Ntchisi ndi wa mu lesitilanti ya ku Area 25 si umodzi, ndipo wa bambo m'nyumba sufanana ndi wa mwana. Ngati sudziwa kuti chipande cha m'nyumba imeneyo chimanyamula zochuluka bwanji, malangizo ako ndi ongoponya mwala mumdima. Ndiye amaphunzira kufunsa munthu zonse zomwe zadutsa pakamwa pake m'maola 24 apitawo, kuyambira tiyi wam'mawa ndi masupuni a shuga amene anathiramo, mpaka chimanga chootcha chomwe anagula panjira n'kuiwala kuchiwerengera. Chikho cha thobwa anthu sachitchula pokhapokha uwafunse mwachindunji. Kwa iwo thobwa si chakudya, ndi chongophera ludzu.

Pa shelefu panali buku lomwe analitsitsa mosamala ngati Baibulo la agogo. Ndi ndandanda wa zakudya za ku Malawi ndi michere yomwe ili m'kati mwake, umene unatuluka mu 2019. Usanatuluke, akatswiri athu ankadalira mabuku a maiko ena, omwe amadziwa bwino za tchizi koma bonongwe samudziwa. Ndinaona mnyamata uja akutenga kulemera kwa mtanda wake, n'kutsegula bukulo, n'kuwerengera mphamvu yomwe mtandawo ungapereke. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake masamu ndi kemisitiri amazifuna kwambiri polowa maphunzirowa.

Ndinafunsa za mgaiwa, poti mawu a mayi wa tomato anali akadali m'khutu. Yankho linali lakuti mgaiwa ndi wabwinodi kuposa ufa woyera, chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhala zikadalimo, pomwe ufa woyera umataya zambiri pokonola ndi poviika. Koma mgaiwa ndi chimanga ndithu. Wodwala shuga akadya mitanda inayi ya mgaiwa, shuga akwera basi. Anatenga mbale n'kuigawa ndi chala: theka likhale masamba, theka linalo aligawane nsima ndi ndiwo monga nyemba, usipa kapena dzira. Kwathu mbale timaigawa mosemphana ndi pamenepa. Nsima ndi phiri, ndiwo ndi zongopakira.

Pakhoma panali chithunzi chomwe ndachionapo m'zipatala zambiri, cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndinati izi ndiye ngakhale alangizi a zaumoyo kumudzi amaziphunzitsa. Anavomera, n'kunena kuti pamenepo m'pomwe anthu amasokoneza ntchito ziwiri. Amene amatchedwa nutritionist amagwira ntchito ndi anthu ambiri nthawi imodzi, m'midzi, m'sukulu, m'mabungwe, kuti matenda obwera ndi kadyedwe asayambe. Dietitian amaima pambali pa bedi la munthu mmodzi amene wadwala kale, amawerenga fayilo yake ndi zotsatira za magazi, n'kulemba chakudya monga momwe dokotala amalembera mankhwala. N'chifukwa chake kuno kwathu sangangodzitcha yekha dzinalo. Ayenera kumaliza maphunziro ovomerezeka, kugwira ntchito m'mawodi moyang'aniridwa ndi omwe anamutsogolera, kenaka dzina lake lilowe m'kaundula wa Medical Council of Malawi, bungwe lomwelo lomwe limalembetsa madokotala.

Chitsanzo chomwe anandipatsa sindidzachiiwala. Nthochi, mapeyala, mbatata, masamba obiriwira, tonse timadziwa kuti n'zabwino. Koma munthu amene impso zake zafooka kwambiri sangathe kutaya mchere wina wotchedwa potaziyamu, womwe umachuluka m'zakudya zimenezi. Ukaunjikana m'magazi, mtima ukhoza kusokonekera mpaka kuima. Ndiye wachibale amene wabwera ndi phava la nthochi kudzazonda matenda, ndi mtima wake wonse wachikondi, akhoza kuvulaza m'bale wake. Wina ayenera kukhalapo woti amuuze mwaulemu kuti nthochizo abwerere nazo.

Tinatuluka m'khitchini muja n'kulowa chipinda china chomwe chinandikumbutsa sikelo ya ana. Munali thabwa loyezera msinkhu, sikelo yoimapo, ndi timatepi ta mitundu itatu tomwe amakulunga pamkono wa mwana pakati pa phewa ndi chigongono. Ophunzira ankayezana okhaokha, wina akulakwitsa, anzake akumukonza. Tepi ikaonetsa kuchepera masentimita 11.5, pofiira paja, mwanayo wanyentchera koopsa. Kuyambira pamenepo mpaka 12.5 ndi pachikasu. Anandionetsanso momwe amadinira chala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, ndiye kuti mwana watupikana, ngakhale amaoneka wonenepa m'maso mwa amayi ake.

Apa ndinakhala pansi, chifukwa zomwe ndinamva zinatsutsana ndi nzeru zanga zonse. Ine ndikanapeza mwana wowonda chotero, ndikanathamangira phala la mafuta, mazira, nyama, kuti abwerere msanga. Iwo amaphunzitsidwa kuti kutero kukhoza kumupha. Thupi lomwe lakhala nthawi yaitali ndi njala limakhala litatsitsa moto wake wonse. Mtima, chiwindi ndi matumbo zimagwira ntchito mwapang'onopang'ono. Ukalithira chakudya chambiri mwadzidzidzi, limalephera kuchinyamula. Choncho mwana amene wagonekedwa amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, umene uli ndi makalori 75 pa mamililita 100 alionse, wochepa mapuloteni ndi mchere, womwetsa pang'onopang'ono usana ndi usiku. Ngakhale mankhwala oonjezera magazi a ayironi amayamba adikira kaye. Akayamba kufuna kudya yekha ndi pamene amamusinthira ku F-100 kapena ku chiponde, kapaketi ka magalamu 92 komwe kamanyamula makalori 500. Mlingo wake amawerengera pa kulemera kwa mwanayo. Ukaphonya masamu, waphonya moyo.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Nkhani imeneyo tinaizolowera, mwina mopitirira. Chomwe sitinazolowere n'chakuti m'dziko lomwelo, nthawi zina m'nyumba yomweyo, muli mwana wopinimbira ndi mayi wa shuga, kapena bambo wothamanga magazi amene amathira mchere m'ndiwo asanalawe n'komwe. Mchere wa tsiku lonse suyenera kufika magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi. Ndinaganiza za kanyenya wa pa chiwaya amene ndimakonda, ndi kamulu ka mchere ndi tsabola kapambali pake, ndipo sindinanene kanthu.

Nthawi ya nkhomaliro tinakhala pansi pa mtengo, phiri lili patsogolo pathu, anthu ena akuoneka ngati nyerere pokwera kukapemphera pamwamba pake. Anandifotokozera kuti maphunziro a ma dietitian kuno ndi achichepere. Anayamba mu 2016 pa Bunda pomwepa, mogwirizana ndi College of Medicine komanso Tufts University ya ku America, ndipo ankatenga anthu omwe ali kale ndi digiri. Zisanatero, Mmalawi wofuna ntchitoyi ankayenera kukaphunzira kunja. College of Medicine ija pano ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences, yomwe nayonso ikuphunzitsa za kadyedwe ndi ntchitoyi.

Koma Bunda ndi theka chabe la sukuluyi. Theka linalo lili m'mawodi a zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe wophunzira amazungulira kwa ana, kwa akulu, kwa ochitidwa opaleshoni, kwa opsa ndi moto, kwa odwala mwakayakaya amene amadyera m'kapaipi kodzera m'mphuno. Kumeneko, iye anati, buku limakumana ndi gadiyani. Ukhoza kulemba chakudya chabwino kwambiri papepala, koma wophika ndi mayi amene wagona pakhonde masabata awiri, ndalama zamuthera, watsala ndi ufa, mtedza pang'ono ndi mbaula. Ukamuuza za zakudya za m'sitolo wamunyoza. Uyenera kufunsa chomwe ali nacho, n'kumanga chithandizo pa chomwecho: nsinjiro m'phala, supuni ya mafuta, usipa wosinja, dzira likapezeka. Ndipo mtedzawo ausankhe, wachuku autaye, chifukwa chuku chimawononga chiwindi.

Chovuta kuposa zonse, mwa kuona kwake, si masamu ayi koma pakamwa. Mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu kuuza bambo wa imvi kuti achepetse nsima, kwathu kuno, si nkhani yamasewera. Amaphunzira kukhala pansi, kufunsa kaye, kumvetsera, osayamba ndi mawu akuti musadye. Munthu ukamuletsa zonse amakuvomera kuti chabwino adokotala, akafika kunyumba n'kubwerera ku poto wake wakale. Ndinamufunsa ngati agogo ake angamumvere.

"Amalume, agogo ndi mayeso anga omaliza. Ndikakhoza amenewo, a Medical Council sandiopsa."

Anang'amba pepala m'kope n'kulemba m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu zoti agogo athe kuwerenga opanda magalasi. Sanalembe kuti asiye nsima. Analemba kuti mtanda ukhale umodzi wocheperako, masamba achuluke ndipo asathiremo soda chifukwa amapha mavitamini, tiyi akhale wopanda shuga, thobwa ndi zakumwa za m'botolo apumule nazo, asadumphe chakudya akamwa mankhwala, ndipo tsiku la ku kiliniki asaliphonye. Za botolo lija la mu minibasi anangoti mankhwala a kuchipatala asasiyidwe chifukwa cha chinthu chomwe palibe akudziwa zomwe zili m'kati mwake.

Dzuwa litapendeka anandiperekeza pa msewu, iye n'kubwerera kukatsuka mapoto ake. Ndinaganiza zoyamba ndafika pa msika wa Mitundu ndisanakwere ya ku tauni. Pakati pa ogulitsa mithiko, malichero ndi mipini ndinapeza mayi wa zipande, ndipo ndinatola chaching'ono kuposa zonse.

"Chimenecho n'cha ana, bambo. Tengani ichi cha akuluakulu."

Ndinati ndi chaching'onocho chomwe ndikufuna. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuchikulunga m'nyuzipepala.